Mlamu Wako Sanandidule

Chiparamba, Fort Jameson
Okutobala 1958

Kwa mphwanga Bizwell ku Wankie,

Mtendere wa Ambuye ukhale nawe pamodzi ndi banja lako. Kuno mvula sinayambe, koma minda tasosa.

Unamva kuti mapazi anga anatupa ndi kuti mutu sundipatsa mpumulo. Dokotala wa kumishoni anandipima, nati magazi anga athamanga kopambana, ndipo anandiletsa mchere, nsomba zouma ndi nyama ya m'zitini imene unali kunditumizira. Imeneyo ndinaidya ndi chiyamiko, ndipo sindikutsutsa nayo.

Koma alongo athu anati nthendayi ndi mdulo. Akuti mlamu wako, amake Rozi, anayenda ndi mwamuna wina, nathira mchere m'ndiwo zanga. Ndinawakanira pamaso pa onse. Pamenepo mlongo wathu Ketilina anati, "Achimwene, musatikalipire ife. Ndi a Bizwell amene anatuma mawu kuti mkaziyo achoke asanakupheni."

Mphwanga, kodi sindiye mkazi amene anakulera amayi atamwalira? Unadya za m'manja mwake kufikira unamera ndevu, ndipo sunatupe. Wamweruza uli kutali, wosandifunsa ine. Tsopano ali kwa mlongo wake ku Mtenguleni, ndipo manyazi amletsa ngakhale kulowa m'tchalitchi.

Lembera alongowo ubweze mawu ako, pakuti ine samandimveranso. Usazengereze. Dokotala ananenanso zina, zimene sindifuna kuziika papepala. Ndiwo zopanda mchere ndazizolowera, koma sindifuna kuti wonditseka maso akhale wina.

Ndine mkulu wako,
Boaz