Mabenchi Obwereka

Gulu: Ulendo wa ma donor ku Ntchisi

Lachitatu

Debora 18:52
ndafika pa sukulu. mdima bii. network ndikuipeza pa chulu

Alexio 18:55
kkkk mwana wa mu town. waona makalasi? ma donor mawa akufuna aone okha kuti ana akukhala pansi. akakhutira madesiki atuluka

Debora 19:20
aise pali vuto

Debora 19:21
ndaunika ndi foni pa windo. mabenchi okhaokha. opukutidwa bwino. std 1 mpaka 4

Alexio 19:22
si sukulu ina imeneyo?

Debora 19:24
yomweyi. denga linasasuka ndi mphepo lija ndaliona. mabenchi abwereka ku tchalitchi, ana asenza tsiku lonse. ahedi ati alendo asaone zochititsa manyazi

Alexio 19:27
[uthenga wa mawu, 0:16] Debora tamvera. Madesiki aja ndi okwana sukulu imodzi yokha. Azungu aja akaona mabenchi anena kuti kuno zinthu zili bwino. Madesiki apita ku Dowa.

Debora 19:29
ndikudziwa. ahedi amenewa ulemu uwapweteketsa. kenako abwerekanso nsapato za ana

Ahedi a Nathaniel 19:33
Mwaswera bwanji nonse. Nsapato tabwereka kale.

Debora 19:33
Uthengawu wafufutidwa

Alexio 19:34
sorry sisi. ndinawaika mu group masana

Ahedi a Nathaniel 19:36
Ndinali nditawerenga kale, mayi. Tsikani pachulupo, pamakhala linthumbu. Akazi anga akukonzerani pogona.

Debora 19:38
pepani bambo. koma chonde, mabenchi abwerere usiku uno

Ahedi a Nathaniel 19:44
Mlendo achoke kutsidya kwa nyanja, adzapeze ana anga ali mbuu pafumbi? Makolo andiona bwanji? Mabenchi sachoka.

Debora 19:45
ndiye madesiki tiluza. mvula idzawapeza ana ali pansi pompo

Debora 20:10
ahedi?

Alexio 20:48
ayankha?

Debora 21:02
ndakweranso pa chulu. ali pa khonde, akumvera wailesi. mayi andipatsa tiyi ndi mbatata. ndikatchula benchi akuti onjezerani shuga

Alexio 21:03
zatha basi

Lachinayi

Ahedi a Nathaniel 05:12
Mwadzuka bwanji. Ndakumana ndi amayi a Chigwirizano. Lero ali ndi mapemphero 10 koloko, ndipo mabenchi ndi a kutchalitchi kwawo. Abwera kudzawatenga, akuimba. Alendo afike 9 koloko, tiwalandire mwaulemu, akhale pabwino. Zotsalazo aona okha.

Debora 05:15
olo benchi yomwe akhalapo azunguwo?

Ahedi a Nathaniel 05:17
Imeneyo ndi imene amakhalapo amayi abusa. Ayambira yomweyo.

Alexio 05:19
kkkkk bambo ulemu wanu. koma akafika mochedwa apeza ana ali kale pansi

Ahedi a Nathaniel 05:21
Zikatero manyazi akhala anga, ndipo ndidzawauza kuti munachedwetsa ndinu.

Alexio 05:22
tikunyamuka ku Lilongwe 6. driver njira saidziwa

Debora 05:31
ndakwera kale njinga yamoto. mundipeza pa Mponela ndikutsogolereni. zoima kujambula mapiri ayi. zogula tomato ayi

Ahedi a Nathaniel 05:34
Muyende bwino, mayi. Muwauze alendowo asavale zoyera. Dothi lathu kuno ndi lofiira.