Theka la Khofi wa Malume

Kumudzi, kufupi ndi Betelehemu
19 Novembala 2006

Okondedwa achimwene anga a Bishara,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Santiago pamodzi ndi alamu a Maha ndi ana, komanso kuti mimba yanu ija tinaiona pachithunzi yasiya kukula, chifukwa ikapitirira ndege idzakukanani. Ife kuno tili bwino. Ine ndiye musachite kufunsa, ulemerero wandichulukira mpaka malaya sakundikwana.

Musanawerenge patali imirirani kaye, chifukwa amene akukulemberaniyu si Jiries woyendetsa takisi uja munamusiya ayi. Tsopano ndine mmodzi wa anthu okambirana za mtendere ndi Aisraeli. Akuluakulu athu aja timawaona pa wailesi ya kanema akhala akukwera ndege zaka khumi ndi zitatu, kugona m'mahotela, kujambulitsa atagwirana chanza, koma kuno abwera ndi chiyani? Mataye atsopano basi. Ine ndinakambirana tsiku limodzi lokha, geti n'kutseguka.

Mukudziwa kuti chimangireni Aisraeli mpanda wawaya uja, mitengo ya azitona ya malemu Bambo inatsalira kutsidya. Zaka zitatu takhala tikungoisuzumira pawaya. Chaka chatha anatsegula geti m'mawa umodzi wokha kwa anthu olembedwa pamndandanda, ndipo dzina la Amayi silinatuluke. Ndiye mwezi watha, akusenda adyo pakhonde, Amayi anati, "Ine ndikufuna ndikakhale pansi pa mtengo waukulu wa bambo anu. Chaka chino, osati cha mawa." Anangonena kamodzi, sanabwerezenso. Inu mukuwadziwa Amayi akanena chinthu kamodzi.

Komiti ya alimi inasankha nthumwi zitatu zokaonana ndi mkulu wa asilikali wa pageti: Aphunzitsi a Riyad amene ndi wapampando, Malume Abu Nakhle chifukwa cha zaka zawo makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zitatu, ndi ine. Ena akakulemberani adzati ine ndinapita ngati dalaivala. Imeneyo ndi nsanje. Pempho lathu linali lakuti geti litseguke masiku khumi, ndipo nkhalamba zilowe ngakhale dzina lisakhale pamndandanda.

Anatilowetsa mu kaofesi kamalata pafupi ndi geti. Mkulu wakeyo ndi Kaputeni Nissim, munthu wamfupi wadazi, amene amalankhula Chiarabu cha ku Baghdad chomwe anaphunzira kwa agogo ake, ukamamva ngati munthu akutafuna miyala. Tisanakhale n'komwe anati, "Masiku awiri, a pamndandanda okha. Zachokera kumwamba." Kenako anatithirira khofi m'timakapu tapepala.

Apa ndikukumbutseni, poti mwina ku Chile mwaiwala. Mlendo wobwera ndi pempho salawa khofi mpaka atayankhidwa, ndipo mmodzi wa nthumwi akangomwa ndiye kuti onse avomera zimene mwininyumba wanena. Mukukumbuka tsiku tinakakufunsirani alamu a Maha, khofi anazizira kawiri chifukwa apongozi anu ankakayikira mphuno yanu ija? Eya, mwambo womwewo.

Tsopano achimwene, zimene ndilembe apazi zithere m'maso mwanu. Tinali titaima maola awiri padzuwa kudikira kuti atiseche, ine chidzukireni osalawa kanthu. Komanso munthu wa takisi khofi amamwa kamodzi n'kamodzi, galimoto ya kumbuyo isanayambe kuliza hutala. Si ine ndinamwa, ndi dzanja limene linapita lokha. Pamene Malume ankakankhira kapu yawo pakati pa tebulo n'kunena kuti, "Mwana wanga, khofi wako wanunkhira, koma ife tabwera ndi pempho," Aphunzitsi nawo n'kukankha yawo, ine poyang'ana yanga ndinaona pansi pake pali mbee! Ndinaona Amayi pakhonde paja ndi adyo wawo, ndinaona masiku khumi a mudzi wonse ali m'mimba mwanga.

Koma mng'ono wanu nzeru sizimuthera. Ndinavundikira kapu ija ndi chikhatho, n'kukhala tsonga, nkhope yoopsa ngati nduna.

Maola atatu, achimwene! Aphunzitsi analankhula za malamulo a dziko lonse lapansi, Kaputeni analankhula za chitetezo, Malume anatchula mtengo uliwonse ndi amene anaudzala kuyambira nthawi imene Aturuki ankalamulira dziko lino. Ine dzanja lili pompo. Pena Aphunzitsi anati, "Jiries, tatambasula mapuwo." Ndinatambasula ndi dzanja limodzi ndi chibwano. Malume anandinong'oneza, "Iwe bulu, dzanja linalo unaliiwala m'galimoto?" Ine ndinati, "Malume, ndikuteteza khofi ku ntchentche." Iwo amvekere, "Ntchentche yaikulu muno ndi iweyo."

Kaputeni uja poyamba ankangoyang'ana wotchi. Kenako anayang'anitsitsa makapu aja, anakanda dazi, n'kunena kuti, "Agogo anga ankachita zomwezi ku Baghdad. Munthu sankagona mpaka mlendo atamwa." Anatenga foni, anakalipirana ndi wina m'Chiheberi mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, anaika foni pansi, anaimbanso. Atatero anati khofi wazizira, ndi manyazi kwa iye kuti alendo akhale ndi khofi wozizira, abweretse wina. Anatola kapu ya Malume, anatola ya Aphunzitsi, n'kufika pa ine.

"Dalaivala, bweretsa."

"Wanga akadali wotentha, bwana Kaputeni."

"Patha maola atatu."

"Dzanja langa limasunga moto."

Anagwira kapu ija cham'munsi n'kuikoka pang'ono, ndipo anamva yekha kuti mulibe kanthu. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Ndinatuluka thukuta lokwana kuthirira munda wonse wa Bambo. Ndiye mukudziwa chimene anachita? Anaika chikhatho chake pamene panali changa, anainyamula pang'onopang'ono ngati yodzaza mpaka m'milomo, n'kutuluka nayo akuyenda mosamala kuti asatayikire. Pobwera anandiikira yodzaza. Zimenezi ndi zimene akuluakulu amati zokambirana zachinsinsi. Ine ndazichita, ndi maso okha, popanda hotela.

Foni italiranso anamvetsera nthawi yaitali, kenako anati, "Abu Nakhle, khumi ndalephera. Masiku asanu. Koma aliyense wopitirira zaka makumi asanu ndi awiri alowe, mndandanda ndi wanga, ndidzaima pageti ndekha." Tonse tinayang'ana Malume. Kenako ananyamula kapu, anamwa, anayang'anamo, anamwanso pang'ono kuti ifike pakati penipeni, n'kuibweza patebulo.

"Masiku asanu, theka la khofi," anatero. "Theka linalo undisungire, ndidzabwera chaka cha mawa."

"Adzakhala atazizira, Abu Nakhle."

"Udzatenthetsa. Ndaona kuti umatha."

Ine ndinamwa theka langa mwaulemu woti mukanalira mukanandiona. Koma titangolowa m'galimoto ndodo ya Malume inatera paphewa panga. "Ukuyesa sindinakumve? Kholingo lako limalira ngati mpope wa pachitsime! Ukanachotsa dzanja lija ndikanakukwirira pageti pompo." Aphunzitsi anaseka mpaka magalasi kugwa. Koma kumudzi sanauze munthu, ndipo azimayi atatilandira ndi nthungululu Malume anangoti, "Jiries nayenso anagwira ntchito ndi dzanja lake."

Kukolola ndiye kunali ukwati. Tinalowa ndi makwerero, zinsalu zoyala pansi ndi abulu a mudzi wonse. Minga inali itamera kufika m'chiuno, ndipo pa mitengo makumi asanu ndi limodzi ya Bambo, isanu ndi inayi yauma. Koma yotsalayo inabereka ngati ikutipepesa. Ine ndekha ndinkakolola mitengo khumi dzuwa lisanafike pamutu, Nawal mkazi wanga akuti inali itatu, koma iye masamu anathawa kalekale. Mafuta tapeza oti sitima itha kuyandamapo. Chabwino, zitini zisanu ndi ziwiri. Koma ndi obiriwira, oluma pakhosi, enieni aja.

Amayi analowa tsiku loyamba, ndipo Kaputeni anaimadi pageti monga ananenera. Kuchokera pageti kukafika pa mtengo waukulu ndinawabereka kumsana. Si kuti sangayende ayi, ndinangofuna anthu aone mphamvu zanga. Komanso sakulemera, achimwene. Thumba limodzi la azitona likuwaposa. Nditawakhazika pansi anasisita tsinde lija ngati akusisita mutu wa mwana, anadya buledi wotentha woviika m'mafuta ndi zaatar, ufa wathu uja wa masamba onunkhira, chakudya chimene kunyumba akhala akukana miyezi iwiri, ndipo anayimba nyimbo zonse za kukolola osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Sindinawaone atasangalala chotero chimwalirireni Bambo.

Ndili pamwamba pa makwerero ndinamva akuitana, "Bishara! Tsika pang'ono mwanawe, ungagwe." Ndinayang'ana uku ndi uku. Ankayang'ana ine. Nawal anafuna kuwakonza, ine ndinamupsinyira diso, n'kuyankha kuti, "Ndamva, Amayi." Masiku onse asanu ndinali Bishara. Ndiye dziwani kuti chaka chino mwakolola nawo, ndipo anthu akuti chibadwireni simunagwirepo ntchito ngati mmene mwagwirira ulendo uno.

Chitini chimodzi ndi chanu, ndapatsira mwana wamkazi wa mnansi wathu Abu Issa amene akubwerera kumeneko mwezi wa mawa. Musagulitse m'sitolo mwanumo, ndidzamva. Malume akuti chaka cha mawa nthumwi zidzakhala zinayi pokamaliza theka lija, ndipo akufuna munthu wa kholingo lodziletsa. Ndatchula dzina lanu. Azitona amapsa kumapeto kwa Okutobala, ndege mukuzidziwa nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Maha, muwauze kuti za mphuno ija tinawachenjeza. Moni kwa Elias ndi Rima, muwauze kuti bambo awo aang'ono ndi munthu wamkulu m'dziko muno. Nawal ndi ana akupereka moni. Aphunzitsi a Riyad akupereka moni. Malume akuti moni adzakupatsani pamaso, wa papepala alibe.

Amayi ali pakhonde pano, akuwotha dzuwa, ali bwino ndithu. Ndawafunsa kuti ndikulembereni chiyani, aseka, amvekere, "Kalata ya chiyani, munthu tinali naye kumunda dzana lomweli?" Ine mabodza ndanena ambiri, achimwene, ndipo onse ndimawanyamula ndi chala chimodzi. Ili lokha likundilemera. Bwerani mudzandilandire.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
kazembe wa mtendere wa pageti,
Jiries