Kachala Kanga pa Chiliza cha Selina

Castlemaine, 9 Novembala 1884

Wokondedwa mng'ono wanga Tamsin,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Moontako. Chifuwa cha mwana wako Jabez chija chinatha? Kuno m'thupi tili bwino, koma mtima wanga ndiye ayi.

Alamu ako a Josiah amaliza chiliza cha Selina, malemu mkazi wawo woyamba. Ziliza za anthu ena amasema mwezi umodzi, koma ichi chawatengera zaka ziwiri. Chatalika kuposa denga lathu, lomwe likudonthabe. Pamwamba pali nsanamira yothyoka, ati moyo wodukira panjira, ndipo m'munsi mwake manja awiri ogwirana, la mwamuna ndi la mkazi.

Chaka chatha anandipempha kuti ndiike dzanja patebulo alijambule, ati ndili ndi manja okongola. Ine kupusa, ndinasangalala sabata yonse, mpaka kudzola mafuta.

Lamulungu lapitali tinapita kumanda kukachiona. Tamsin, dzanja lamwala limene lagwira la a Josiah ndi langa. Kachala kakang'ono kokhota kaja, kamene unakapana ndi chitseko tili ana, kali pomwepo.

Alongo awo a Josiah anagwetsa misozi, ati ndi dzanja la Selina lenileni, akulikumbukira bwino. A Josiah anangoyang'ana nsapato zawo. Ndinamva nsanje, nsanje ndi munthu woti anaola kalekale.

Ndiulule: m'mawa mwake ndinabwererako ndi tepi yanga yosokera. Pansi pa dzina la Selina asiya malo osalemba, ndipo ndayeza kawiri. Akukwana dzina limodzi basi, la a Josiah. Nditawafunsa, anati ndisavutike, ndikadali mtsikana, iwo akadzapita ndidzakwatiwanso. Ndiye kuti ine kuno ndikungomusungira mwamuna Selina, kumuchapira ndi kumuphikira mpaka adzamutenge.

Dzinalo ndagonja, sindilimbana nalonso. Koma ubwere pa Khirisimasi, chonde. Abale awo onse adzapita kukaika maluwa, ndipo ndikufuna udzaloze kachalako n'kunena mokweza kuti ndi kayani. Unakathyola ndiwe, mboni ina ndilibe.

Undiperekere moni kwa alamu, ana ndi azakhali a Loveday. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Keziah