Dzina Loyamba pa Pepala la Seul-gi

Lolemba, 4 Malichi

Chaka chachisanu ndi chiwiri mu labu ino. Anzanga anamaliza kalekale, ena ali ndi ana. Popanda pepala la kafukufuku loyamba ndi dzina langa, digiri kulibe.

Ok Seul-gi, kamtsikana kobwera chaka chatha, kapeza mankhwala a ndere za m'nyanja oletsa kuswana kwa kachilombo kotsegula m'mimba ana a nkhumba. Miyezi khumi yokha! Apulofesa Tak anamuombera m'manja. Nane ndinaomba, nsanje ili pakhosi.

Lachinayi, 7 Malichi

Apulofesa andiitana. "Jae-uk, wakalambira pano iwe. Wamkulu amatuluka kaye, ndiwo mwambo wathu. Pepala la Seul-gi ulembe ndiwe, dzina lako patsogolo. Mwanayo nthawi akadali nayo."

Ndawerama mpaka msana kuwawa. Manyazi ndilibe. Nanenso anandilanda langa chaka chachiwiri, anandilirira ndani?

Lachisanu, 8 Malichi

Phwando la labu. Nkhumba yootcha, mowa wa soju. Apulofesa analengeza za pepala lija pamaso pa onse. Seul-gi anandithirira mowawo ndi manja awiri. Ndinamuuza adzaze bwino, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu anaseka. Nyama inakoma.

Lolemba, 18 Malichi

Msonkhano wa labu. Timayankhula motsata ukulu, wamng'ono pomaliza. Ndinadya mphindi makumi anayi mwadala. Seul-gi dzanja m'mwamba: "Akulu, pali kanthu pa maselo oyeserapo mankhwala aja." Ndinati adikire nthawi yake. Nthawiyo itakwana apulofesa anali atavala kale jekete.

Masana wanditsata kufiriji, eti mphindi ziwiri zokha. Ndamutuma kukatsuka timabotolo. Kalata yake ya pakompyuta sinditsegula, madandaulo ndimawadziwa.

Lachitatu, 27 Malichi

Seul-gi wabwera ndi pempho: dzina lake lichoke papepala, ngakhale pamalo achiwiri. Kunyanyala kwa ana! Ndafufuta iye akuona, n'kumufunsa ngati akufuna mpango wopukutira misozi. "Zikomo, akulu," anatero, nawerama. Maso ouma gwa.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Pepala latuluka. Mayina awiri basi, langa ndi la apulofesa. Mphotho ya wophunzira wopambana, chithunzi changa pakhoma la pakhomo. Amayi alira pafoni, auza msika wonse wa nsomba kwathu ku Mokpo kuti mwana wawo ndi dokotala.

Seul-gi anasamukira ku labu ina mwezi watha. Palibe anamuperekeza. Mpando wake wa pawindo ndatenga ine.

Lachisanu, 15 Novembala

Labu ya ku yunivesite ina yalemba kalata: ayesa mankhwala athu, sakugwira ntchito. Ndabwereza ndekha ndi maselo atsopano. Katatu. Kachilombo kakuswana ngati sindinathirepo kanthu.

Loweruka, 16 Novembala

Ndatsegula kope limene Seul-gi anasiya pashelefu. Zolemba zaukhondo, zondinyansa kuziwerenga.

Pa 15 Malichi analemba kuti maselo ake analowedwa ndi tizilombo tina, ndito tinkapinga kachilomboko, osati mankhwala. Pansi pake: "Ndiwauza akulu Lolemba."

Pa 18: "Sanandilole." Pa 21: "Sanandilole." Pa 25 mawu omwewo. Pa 27 palibe chilichonse, deti lokha.

Lolemba, 18 Novembala

Apulofesa sanandiuze n'komwe kuti ndikhale. "Ine ndimangosaina, Jae-uk. Dzina loyamba ndi la yani?" Pepala alibweza, digiri aimitsa. Pakhoma patsala msomali.

Ndamuimbira Seul-gi. Ndinafuna adzanene ku komiti kuti maselo anali ake, cholakwa n'chake. Wayankha msanga, mwaulemu wake uja. Ndinamufunsa ngati alibe chonena.

"Aa, akulu, wamkulu ndinu, yambani inu. Ine ndidikira nthawi yanga."

Anadikiradi. Ndinkamumva akupuma.

Amayi aimba kanayi. Sindinawayankhe.