Alamu anga akubisiridwa matenda awo

Aphungu,

Papita milungu isanu ndi umodzi chiwaikireni m'manda amuna anga, a Felton. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ali ndi zaka 76. Sindikulemba kuti ndidandaule. Ndine mphunzitsi wopuma, ndipo ndawerenga zambiri pa moyo wanga, koma palibe chimene ndinawerenga mosamala ngati pepala limene dokotala wina ku Lilongwe anatipatsa, lowapempha kuti alowe nawo m'kafukufuku wa mankhwala atsopano.

Dokotalayo sanayambe ndi ine kapena ana. Anakokera mpando pafupi ndi iwo n'kuwafotokozera zonse, zabwino ndi zoopsa zomwe. Anati kafukufuku wambiri amasiya okalamba kunja, chonsecho matendawa amakonda kugwira iwowo. A Felton anaseka n'kunena kuti, "Ndiye kuti khasu mwakhala mukuliyesera kudimba kokha, kumunda osafikako." Anasaina okha. Ulendo wa minibasi kuchokera pa Mponela unkawatopetsa, ndipo masiku ena chakudya chinkawakanika, koma anakhala nafe chaka ndi miyezi itatu. Anakolola chimanga chawo, anaonanso ubatizo wa mdzukulu wathu. Kaya ndi mankhwalawo, sindidziwa. Chimene ndikuthokoza n'chakuti anafunsidwa ngati munthu wanzeru zake.

Tsopano mng'ono wawo, a Malizani a kwa Dzoole, awapeza ndi matenda omwewo. Ali ndi zaka 72. Ana awo agwirizana zowabisira, ndipo awauza kuti ndi chifuwa cha fumbi la fodya. Mwana wawo wamkulu, Alexio, anapempha madokotala kuti aziyamba auza iye. Madokotalawo atamutchulira za kafukufuku, anakana ali pakhonde la chipatala, bambo ake ali m'kati. Akuti bambo akewo akula kale, asavutike.

Lamlungu lapitali a Malizani anabwera kudzandiona. Tikucheza, anati, "Mlamu, inu munali nawo achimwene mpaka pamapeto. Chifuwa changachi chikusiyana pati ndi chawo chija?" Ine ndinayamba kukamba za mvula.

Ndine wokwatiwa chabe m'banjamo, ndipo mpango wa maliro ndikadavalabe. Nkhani za mbumba yawo si zanga. Koma ndikaganiza za mwayi umene amuna anga anapatsidwa, mtima sukundilola kukhala chete. Ndiwauze?

L.C., Mponela

Mayi L.C.,

Pepani ndi malirowo, ndipo zikomo chifukwa chowasamala a Felton m'njira yotere.

Munthu amene wafunsa funso ngati limenelo akudziwa kale. Alamu anu anaona mkulu wawo akudwala, ndipo chifuwa chawo akuchimva okha. Chimene akusowa si dzina la matenda ayi, koma munthu woti asawaname.

Komabe musathamange kukawauza muli nokha, chifukwa mudzadana ndi banja lonse ndipo nkhani idzakhala ya inu osati ya wodwala. Yambani ndi Alexio. Si munthu woipa, wachita mantha. Wangoika kumene bambo ake aakulu, ndipo akuona manda ena patsogolo. Muuzeni mawu amene bambo ake anakufunsani, monga mmene anawanenera. Kenako mufotokozereni za chaka chija, osabisa masiku ovuta. Mukaona kuti mawu anu akupepuka poti ndinu mkamwana, tengani alongo awo a Malizani kapena mkulu wa mpingo amene banjalo limamumvera.

Pempho lanu likhale limodzi: abwerere kuchipatala ndipo dokotala ayankhule ndi mwini wake, ana ali pomwepo. Kuvomera kapena kukana kafukufuku ndi kwa wodwala, bola mutu wake ukugwira. Zaka pazokha si chifukwa chomukanira. Madokotala amayang'ana mphamvu za thupi, mtima, impso ndi matenda ena. Akafunse za zovuta za mankhwalawo, kuchuluka kwa maulendo, ndi chithandizo chimene angalandire ngati sakulowa. Adziwenso kuti amene walowa ali ndi ufulu wotuluka.

Alexio akaumirira, muuzeni mosapita m'mbali kuti bambo ake akadzakufunsaninso simudzanama, ndipo mudzawalangiza kukafunsa dokotala okha.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Musawalonjeze a Malizani kuti zidzawayendera bwino chifukwa zinayendera ena. Kafukufuku sachiza aliyense, ndipo mwina sangawatenge n'komwe. Mwinanso akamva zonse adzati akufuna kukhala kwawo, pafupi ndi munda wawo. Akadzatero musadzawanyengerere, ngakhale zitakuwawani. Mukumenyera kuti ayankhe okha, osati kuti ayankhe zimene inu mukufuna.

Aphungu