Makatani a Nyumba Yopanda Denga

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kuno ku Kawale tilipo, chifuwa chija chinandisiya.

Loweruka lomaliza malemu achemwali anu asanadwale, tinapita kupuloti kuja m'mphepete mwa nkhalango kuseri kwa Area 25. Iwo ankayeza mawindo a nyumba yathu yatsopano ndi chingwe, ine ndikutola masuku. Gwape atadutsa chapafupi, malemuwo anaseka, amvekere, "Bambo a Tadala, aneba athu ndi amenewo, apatseni moni." Makatani anasoka sabata yomweyo.

Mwezi watha amisiri akukumba dzenje la chimbudzi anapeza ngaka, kanyama ka mamba kaja. Nkhani inamveka, ndipo kunabwera akuluakulu oona za nyama zakutchire. Anatiuza mwaulemu kuti m'nkhalangomo muli nyama zotetezedwa, choncho tisadulenso mtengo, kuwotcha njerwa kapena kupitiriza kumanga mpaka malowo awaunikenso. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati, "Sitikudziwa, bambo." Anzanga a mapuloti oyandikana nafe anakalipa kwambiri. Ine ndinangoti zikomo. Makoma angoima opanda denga, ndipo mvula yayandikira.

Katundu wa malemu ndinkamusunga m'zikwama kuti akalowe m'nyumba yatsopanoyo. Dzulo ndinamumasula. Zovala ndi mapoto ndapereka kwa ang'ono awo a ku Chilinde, makina osokera ndasiyira Tadala. Mukaimba foni kumudzi muwauzeko amayi zimenezi, ine mawu akundisowa.

Makatani aja ndawapachika m'nyumba ya lendi ino. Ndi aatali, akuchita kugona pansi. Sindinawadule.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a Tadala