Akufuna ndikhale mkulu wa mpingo chifukwa ndimatsinzina

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri, ntchito yanga ndi yokonza mawailesi. Pakhomo pathu pali mtendere, ntchito ikuyenda, sindidandaula. Lamulungu lililonse ndimapita kutchalitchi ndi banja langa, ndipo ndine amene ndimayang'anira zokuzira mawu. Ndimakhala kumbuyo, pa katebulo kanga ka mawaya, ndipo malo amenewo ndimawakonda.

Vuto ndi ili. Abusa akamalalikira ndimatsinzina n'kuweramitsa mutu kuti ndimve ngati sipika ikulira. Anthu amaona ngati ndikupemphera mozama. Pano andisankha kuti ndikhale mkulu wa mpingo, ndipo amene anatchula dzina langa ndi apongozi anga aamuna. Pa tsiku londipatsa udindowo ndiyenera kuima kutsogolo n'kunena pamaso pa onse kuti ndimakhulupirira zonse zimene mpingo umaphunzitsa.

Aphungu, ine sindidana ndi Mulungu. Kungoti sindidziwa. Mkazi wanga amazidziwa zimenezi, ndipo atamva nkhaniyi anaseka mpaka misozi: "Akulu a mpingo! Inuyo, otsinzinira sipika?" Apongozi nditawatchulira pang'ono anati, "Mkamwini, ingonenani kuti inde. Zotsalazo Mulungu adzamalizitsa yekha." Auza kale anzawo onse. Ndikakana ndiwachititsa manyazi, mwinanso a mpingo andilanda katebulo kanga. Ndinene?

W.T., wokonza mawailesi

*

A W.T.,

Musanene.

Tione zimene zilipo, osati zimene mukuopa. Mkazi wanu amadziwa ndipo akuseka, choncho banja lili bwino. Palibe amene wanena kuti akulandani mawaya. Zimenezo mwaziganiza nokha. Chokhacho chotsimikizika n'choti apongozi akhumudwa, ndipo kukhumudwa kwa apongozi kumatha.

Mu Chingerezi, mawu akuti "professed," onena za munthu wolengeza chikhulupiriro chake poyera, amagwiranso ntchito ponena za munthu wongodzitchula wokhulupirira ndi pakamwa chabe. N'zomveka, chifukwa womvetsera sangawasiyanitse anthu awiriwa. Mpingo udzalandira "inde" wanu monga woona, poti ulibe njira yomuyesera. Amene angadziwe ndinu nokha, ndipo mwandiuza kale yankho.

Pitani kwa apongozi, inu ndi mkazi wanu, dzina lanu lisanawerengedwe kutsogolo. Athokozeni kaye, chifukwa si mkamwini aliyense amene apongozi ake amamunyadira chonchi. Kenako auzeni kuti lumbiro limenelo simungalinene panopa ndi mtima wonse, ndipo simukufuna kunamiza mpingo umene iwo autumikira moyo wawo wonse. Apatseni mpata woti akawauze okha anzawowo m'njira imene iwo afuna.

Kwa abusa pitani nokha, pakati pa sabata. Nenani mwachidule kuti udindowo simuli okonzeka kuulandira, koma ntchito ya zokuzira mawu mukufuna kuipitiriza. Abusa ambiri anamvapo kale mawu oti "sindidziwa," nthawi zina mumtima mwawo momwe.

Musapite ndi mabuku kukatsutsana nawo. Kunena kuti kulibe Mulungu nakonso ndi kulengeza, ndipo umboni wake mulibe.

Chenjezo langa ndi ili: musaganize kuti ndi mawu a tsiku limodzi. Mukakhala mkulu wa mpingo, tsiku lina mayi wina adzakuitanirani kuchipatala, mwana wake ali pa bedi, nadzakugwirani dzanja kuti mupemphere. Iyeyo adzakhulupirira liwu lililonse lotuluka pakamwa panu.

Aphungu